Matayala a Tsiku Lopimitsa

Pa msika wa Kamsonthi, m'mapiri a m'malire mwa Dowa ndi Ntchisi, pali galimoto zitatu zimene zinandisowetsa mtendere kwa zaka zisanu ndi chimodzi. Zonse ndi za mtundu umodzi, zija zazitali miyendo, zokoka ndi matayala onse anayi, zimene mabungwe anagulitsa ine ndisanalowe n'komwe upolisi. Ina chitseko chake amachimanga ndi linya. Ina imalira pokhapokha aiimike potsetsereka. Yachitatu ndi ya parishi, ndipo akhristu anaitcha Yobu chifukwa cha masautso amene yadutsamo. Matayala a zonsezi ndi osalala ngati dazi.

Koma chaka chilichonse galimoto zimenezi zinkapita ku Lilongwe kokapimitsa n'kubwerako ndi chiphaso chatsopano chili mbee pagalasi. Panalibe imene inalepherapo ngakhale kamodzi. Ine Sajeni Mirriam Kaphamtengo ndinkaziimitsa pa rodibuloko, kuchiunika chiphasocho padzuwa, kuchikanda ndi chikhadabo, mpaka kuchinunkhiza. Chinali chenicheni. Tsiku lina ndinachita kuimba foni kopimitsako, ndipo anandiyankha mwaulemu kuti galimoto ndikunenayo inafika kumeneko ili bwinobwino, matayala ake abwino kuposa a galimoto zambiri za m'tauni. Ndinadula foni manyazi atandigwira.

Yankho linadzibweretsa lokha Lachinayi lina mu Febuluwale, mvula itavumba masiku anayi.

Ndinkangotsegula kumene ofesi pamene analowa a Danieli Kachingwe, wapampando wa komiti ya tchalitchi, eni ake a galimoto ya chitseko cha linya ija. Amenewa ndi bambo amene amavala jekete ngakhale popita kudimba. Kumbuyo kwawo kunali a Petulo, makaniko wa parishi, nkhalamba yoonda, chipewa chili m'manja.

"Atsekereni awa," anatero a Danieli. "Aba."

"Aba chiyani?"

"Katundu."

"Katundu wanji?"

"Katundu wofunika."

"Mbuzi? Fodya? Feteleza?"

"Amayi Sajeni, inu lembani kuti katundu. Boma silifuna zambiri."

"Boma lake pano ndi ine, ndipo ndikufuna zambiri."

A Danieli anayang'ana kudenga ngati yankho lalembedwa pamalata. Ndinatembenukira kwa a Petulo. Munthu ameneyu wagwira ntchito pa mishoni zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri. Amakonza Yobu, amaliza belu, ndipo amakhala m'kanyumba ka mishoni ndi mkazi wake wodwala miyendo. Sindinamvepo kuti anatola ngakhale kandulo yotsala.

"Kiyi ndimasunga ine," anatero a Petulo. "Katunduyo palibe. Sindinabe."

"Munali kuti dzulo?"

"Ku maliro, ku Dzoole. Kuchoka Lachiwiri. Kubwera lero."

"Maliro!" a Danieli anaseka. "Ndani anawaona kumeneko? Mwina maliro ake anali pa msika wa ku Dzaleka. Ine ndakambirana kale ndi Bambo Mfumu. Katunduyo akapanda kupezeka pofika belu la sikisi koloko madzulo ano, awa apereka makiyi, ndipo Loweruka atuluka m'nyumba ya mishoni."

A Petulo anapinda chipewa chija m'manja mwawo. Zinandipweteka mtima, ndipo ndikapwetekedwa mtima ndimakhala wamwano.

"Tiyeni mukandionetse pamene panali katundu wopanda dzinayu," ndinatero.

* * *

Kanyumba kosungiramo katundu kali kuseri kwa tchalitchi. Loko anali wabwinobwino, zenera losasweka. A Petulo anatsegula ndi kiyi wawo. M'katimo munali mapoto aakulu a parishi, mabenchi othyoka, ndi mulu wina pakona wovundikiridwa ndi pepala lakuda la pulasitiki. Ndinavundukula. Panali matayala anayi ndi marimu ake, osanjikizidwa bwino, osalala onse.

"Matayala ndi awa alipowa," ndinatero.

"Si amenewo!" a Danieli anakuwa. "Athu ndi a mano! Atsopano!" Atangotero anadzigwira pakamwa, koma mawu anali atatuluka kale.

Choncho wakuba anatenga matayala atsopano n'kusiyapo akutha. Ndinagwada n'kuwayang'anitsitsa. Anali otsukidwa, opanda thope ngakhale pang'ono. Pashelefu panali katoni yokhala ndi nyali ya galimoto yatsopano, galasi loonera kumbuyo, mawaipa awiri ndi hutala, zonse zosakhudzidwa. Kenako ndinayang'ana pansi, ndipo m'pamene ndinadabwa kwenikweni. Pansi panali posesedwa mpaka m'makona. Mapoto anali oikidwa motsatana kukula kwake. Ngakhale kangaude analibe pogwira.

"A Petulo, muno mumasesa?"

Nkhalambayo inachita manyazi. "Ndimapukuta matayala basi. Ndi polishi. Loweruka lililonse."

"A Danieli, a komiti amasesa muno?"

"Komiti imakambirana mfundo, mayi."

Kuseri kwa kanyumbako ndinapeza mtengo wautali wa bulugamu wosendeka pakati, ndi njerwa zounjikidwa malo anayi. Ndinafunsa a Petulo za jeke. Anati jeke wa parishi ali m'bokosi lawo la zipangizo, lokhomedwa, kiyi ali m'thumba.

"Inu a Danieli, dzulo munali kuti?"

"Ine? Mukundifunsa ine, wodandaula?" Anakonza jekete. "Ndinali kunyumba, pansi pa galimoto yanga, kuyambira m'mawa mpaka mdima. Mawa ndikupita nayo kokapimitsa."

"Angakuchitireni umboni ndani? Mayi akunyumba?"

"Amenewo anapita kwa mwana wathu Agnesi kuseri kwa phiri. Anandiuza zinazake ndili pansi pa galimoto, sindinamve bwino. Za kwa amayi zimenezo."

"Nanga matayala a ndani amakhala m'kanyumba ka tchalitchi, kumapakidwa polishi, osayenda?"

A Danieli anatsokomola. A Petulo anayang'ana zala zawo zakumiyendo. Ndinadziwa kuti pano sindimva kanthu, koma ndinkadziwa munthu amene pakamwa pake palibe loko.

* * *

Trust, mwini wa galimoto yachiwiri, ndi wa zaka makumi atatu, amagula mtedza m'midzi n'kumakagulitsa ku Dzaleka. Ndinamupeza pakhonde la sitolo yake akukanda foni.

"Aa, madamu bwana! Mukuwala lero, yunifomu ngati yochokera kunja!"

"Matayala anayi atsopano asowa ku mishoni. Anthu akutchula iwe."

Palibe amene anamutchula, koma bodza laling'ono limafupikitsa ulendo. Trust analumpha.

"Ine? Madamu, siriyasi? Ndibe bwanji zinthu zoti ndinasonkha nawo? Tayala limodzi ndi theka pamenepo ndi langa!"

"Limodzi ndi theka?"

"Eya, tinagula atatu: ine, a Danieli ndi komiti m'malo mwa Yobu. Onani, madamu, misewu yathuyi tayala latsopano limatha miyezi isanu. Ndiye tinati, bwanji tigule seti imodzi yabwino, tiziisunga. Tsiku lako lopimitsa likakwana, a Petulo amakuvekera matayala, nyali, galasi, waipa, hutala, chilichonse. Ukupita ku Lilongwe uli smati ngati mkwati. Ukabwerako, tsiku lomwelo amavula, mnzako adzavale mwezi wake. Timangoti suti. Ndi dongosolo, madamu, si kuba."

Ndinakhala pansi pa thumba la mtedza. Zaka zisanu ndi chimodzi ndikununkhiza ziphaso, pamene yankho linkapakidwa polishi kuseri kwa tchalitchi chimene ndimapempheramo Lamulungu lililonse. Ndinafuna kuseka, ndinafunanso kumumenya ndi chipewa.

"Dzulo unali kuti?"

Trust analoza kuseri kwa sitolo. Galimoto yake inali itakhala pa njerwa, injini ili pa kama wakale pambali pake, nkhuku itaikira mazira pampando wa dalaivala.

"Sabata yachitatu imeneyi, madamu. Matayala ndikanawaveka nkhukuyo?"

"Makiyi a kanyumba kaja alipo angati?"

"Awiri. Wa a Petulo, ndi wina amapachika mu ofesi ya Bambo Mfumu. Koma Abambowo sadziwa kanthu, pepani musawauze. Ndi atsopano, akadali oyera."

* * *

Bambo Mfumu, wansembe wathu Bambo Alexio, anabwera pa parishi yathu chaka chatha kuchokera ku seminale kumene ankaphunzitsa. Ndi munthu wa mabuku, wofatsa, amene amakhulupirira aliyense wovala jekete. Ndinawapeza akulemba ulaliki.

"Nkhaniyi yandilemera kwambiri, Sajeni," anatero akuchotsa magalasi. "A Petulo ndimawakonda. Koma wapampando wanena kuti katundu wa komiti wasowa m'manja mwawo, ndipo udindo uli ndi zotsatira zake."

"Katundu wake mukumudziwa?"

"Anati ndi zipangizo za chitukuko."

"Kiyi wanu wa kanyumba kaja alipo?"

"Ndi uyo pa msomalipo. Sachoka." Anaganiza pang'ono. "Kupatula dzulo m'mawa, pamene Amayi a Chikatolika anabwereka kuti atenge mapoto. Anabweza pasanathe ola."

"Anaphika chiyani?"

"Mwandifunsa bwino. Sindinaone utsi." Anamwetulira. "Koma anayeseza nyimbo kuseri kwa tchalitchi. Nyimbo yachilendo ndithu, sindinaipeze m'buku. Mmodzi amati, 'Wani, thuu, fili,' onse n'kuyankha kuti, 'Kwezani!' Kenako chete. Anaibwereza kanayi."

"Kanayi."

"Kanayi. Ndinaganiza kuti ndi ya Pasaka."

"Yobu ali kuti, Abambo?"

"Sisitere Elizabeti wa kuchipatala chathu anapita naye kumidzi dzulo, monga amachitira Lachitatu lililonse. Sanabwerebe, koma zimenezo sizachilendo. Nyengo ino Yobu amagona kumene watitimira."

Ndinayesa foni ya Asisitere katatu, osalowa. Kuseri kwa phiri netiweki imapezeka pachulu chimodzi chokha. Nthawi inali itadutsa thuu koloko. Ndinabwereka njinga ya katekisiti n'kutsetsereka.

* * *

Msewu wopita kuseri kwa phiri uli ndi chitunda chimene anthu amachitcha pa Tsikani, chifukwa galimoto iliyonse ikafika pamenepo okwera amatsika. Mvula ikagwa, dothi lake lofiira limaterera ngati therere. M'munsi mwake mumakhala a Elisha, amene amaotcha chimanga, komanso ndi mkulu wa amuna asanu ndi awiri okankha galimoto. Ndinawapeza atakwiya kale.

"Mwabwera bwino, boma. Lembani madandaulo athu. Watinyoza Yobu."

"Wakunyozani bwanji?"

"Ife Yobu tamukankha kuyambira bambo anga ali moyo. Timamudziwa kulira kwake ali kutali. Dzulo titamumva, tinavula malaya, tinapinda mathalauza, tinaima pamalo athu. Iye kufika apa, vuu! Kukwera yekha! Osaima, osapereka moni, kutithira thope kumaso. Munthu wakukankha zaka zonsezi, lero wapeza bwino ukumudutsa ngati chitsa?"

"Munalimo ndani?"

"Asisitere pa chiwongolero. Pambali pawo mayi Margareta, akazi awo a wapampando, atagwira kolona. Patapita ola anadutsanso, kulowera njira ya ku Ntchisi boma. Kutsika pamenepa osaterereka ngakhale pang'ono. Kumbuyo kunali munthu atagona."

Anandionetsa m'mbali mwa msewu, pamene mvula sinafafanize. M'dothi lofiiralo munali mizere iwiri ya mano a tayala, akuya, ooneka bwino ngati chidindo cha boma. Zaka zonse zimene ndakhala kuno, ndinali ndisanaonepo galimoto ya kwathu ikusiya mano m'thope.

Mlandu unali utatha m'mutu mwanga. Chotsala chinali kukwera phiri ndi njinga ya katekisiti yopanda magiya, belu lisanalire.

* * *

Ndinafika pa mishoni kutatsala mphindi khumi kuti sikisi koloko ikwane, thukuta lili kamukamu. Anthu anali atasonkhana kale pansi pa nsanja ya belu, chifukwa kwathu kuno nkhani imathamanga kuposa galimoto zake. Bambo Alexio anaima pamasitepe. A Danieli anali atasintha jekete. A Petulo anaima pafupi ndi chingwe cha belu, makiyi ali m'dzanja limodzi, wotchi yawo yakale m'dzanja linalo.

Ndinafotokoza zonse: za suti, za kiyi wachiwiri, za mtengo wa bulugamu ndi njerwa, za nyimbo ya Pasaka, za wakuba amene amatsuka matayala n'kusesa m'nyumba asanachoke. Bambo Alexio anakhala pansi pang'onopang'ono.

"Mukutanthauza kuti chiphaso cha galimoto ya parishi..."

"Chimenecho tikambirana mawa, Abambo."

A Danieli anaseka mokweza kuti anthu amve. "Amayi kukweza galimoto? Akazi anga kumasula tayala? Amenewo ngakhale batire la wailesi amaitana ine! Amayi Sajeni, mwatopa ndi njinga. Umboni uli kuti? Matayala ali kuti?"

Umboni unali pamsewu penapake pakati pa Ntchisi boma ndi Kamsonthi. Bambo Alexio ankayang'ana ine, n'kuyang'ana jekete, osadziwa kokhulupirira. Ndinasendera kwa a Petulo.

"Dikirani pang'ono ndi belulo," ndinanong'ona.

"Belu silichedwa, mayi."

"Lero lichedwe."

"Silinachedwepo."

Anaika wotchi m'thumba n'kugwira chingwe. Munthu ankafuna kudziliza yekha belu lomuchotsa ntchito, pa nthawi yake. Ndinatsala pang'ono kumumanga unyolo kuti ndimupulumutse.

Pamenepo tinamva kutsokomola kumunsi kwa msika. Aliyense wa pa Kamsonthi amakudziwa kutsokomola kumeneko. Yobu anatulukira pa ngodya ya sukulu, wofiira ndi thope mpaka padenga, nyali imodzi ikulendewera ndi waya, koma akuyenda mowongoka ngati msilikali. Anadzaima pakati pathu. Asisitere anazimitsa injini n'kutsamira chiwongolero, atatopa. Chitseko china chinatseguka, ndipo anatsika mayi Margareta, chitenje cha Amayi a Chikatolika chili m'chiuno.

"Mayi a Agnesi!" anakuwa a Danieli. "Matayala awa..."

"Tinatenga ife, bambo a Agnesi. Amayi khumi ndi anayi. Mtengo wa bulugamu unali wa denga la khola lanu, mukaubwezere."

"Mukudziwa kuti mawa ndikupita kokapimitsa?"

"Ndikudziwa. Nanga inu mukudziwa kumene ndachokera?" Mayiwo sanakweze mawu, koma anthu onse anatchera khutu. "Lamulungu lapitali Yobu anaterereka pa Tsikani n'kukatsamira mtengo, ine ndikuona. Dzulo m'mamawa kunabwera uthenga kuti Agnesi matenda ayamba, ndipo mwana wakhala mopingasa. Ndinakuuzani muli pansi pa galimoto. Munati, 'Patseni sipanala ya thwelofu.' Ndinakupatsani. Kenako ndinaganiza: matayala abwino ali m'kanyumba akudya polishi, kudikira kukaonekera kwa bwana wa ku Lilongwe, mwana wanga akwere chiyani?"

Mayi Margareta anapitiriza.

"Tinafika kuchipatala nthawi ikadalipo. Adokotala anati tikanachedwa ola limodzi, bwenzi tikunena zina. Agnesi wachira. Mwana wamwamuna. Ali ndi chipumi chanu, koma tikupemphera."

Nthungululu zinalira mpaka agalu a kumsika anayamba kuuwa. Ine ndinatulutsa buku langa n'kunyowetsa chala.

"A Danieli, m'mawa munati wakuba atsekeredwe. Akuba ake ndi amayi khumi ndi anayi ndi sisitere mmodzi. Chitolokosi changa n'chaching'ono, koma tithithikana. Mlandu mukupitiriza?"

"Ayi... ayi, nkhani ya pabanja imeneyi." Anatsitsa mawu. "Koma mayi a Agnesi, matayalawa usiku uno a Petulo angathe..."

"Sachoka," anatero mayi Margareta. "Agnesi akutuluka Loweruka. Mdzukulu wanu adutsa pa Tsikani ndi matayala ati?"

A Danieli anayang'ana matayalawo nthawi yaitali. Ndinaona nkhope yawo ikusintha, ndipo kunena zoona ndinawamvera chisoni. Anavula jekete, chinthu chimene anthu ena anali asanachionepo chibadwire, n'kulipinda pamkono. Anapita kwa a Petulo.

"A Petulo, ndinakuyalutsani pamaso pa anthu. Ndalakwa. Mundikhululukire."

Bambo Alexio nawo anatsika masitepe. "Inenso, a Petulo. Ndinaweruza ndisanafunse."

Koma a Petulo sankamva. Anali atasiya chingwe, atagwada pa tayala la kutsogolo, akukolopola thope lofiira m'mano mwake ndi chala.

"Zaka zisanu ndi chimodzi ndikuwapukuta," anatero chapansipansi. "Sindinkadziwa kuti amakwera phiri."

Anatenga sipanala pansi pa mpando wa Yobu n'kuyesa manati, limodzilimodzi, matayala onse anayi, ife tikudikira. Palibe limene linasuntha.

"Wamanga ndani?"

"Ife," anatero mayi Margareta.

"Mwamanga bwino."

Atatero anadzuka, kupukuta manja pa thalauza, n'kutulutsa wotchi. Nkhope inagwa ngati wamva uthenga wa maliro. Anathamangira chingwe.

Tsiku limenelo belu la pa Kamsonthi linalira mochedwa ndi mphindi zisanu ndi ziwiri, koyamba m'zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri. Atamaliza, a Petulo anabweza makiyi m'thumba mwawo n'kumapita kunyumba kukauza akazi awo kuti amasule katundu amene anali atayamba kale kumanga.